Malangizo kwa Ogula Mankhwala pa Intaneti mu Lusaka

Mankhwala amene mwaona pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa TikTok ali pansi pa lamulo lomwelo limene limagwila kemisti ya pa Cairo Road kapena ya ku Kamwala. Lamuloli ndi Medicines and Allied Substances Act No. 3 ya 2013, ndipo oliyang'anila ndi a ZAMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Wogulitsa mankhwala ayenela kukhala ndi cilolezo ca ZAMRA komanso malo odziwika osungilako katundu wake. Tsamba lokhala ndi zithunzi ndi nambala ya foni cabe, lopanda adilesi, si kemisti ayi.

Musanatumize ndalama, funsani dzina la kemisti, kumene ili, ndi dzina la famasisti amene ali pa nchito tsikulo. Mafamasisti amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia. Kemisti yeniyeni sivutika kukujambulilani satifiketi yake, ija imakhala yopacika pa cipupa. Akayamba kuzemba, n'kumangoti tumizani cabe ndalama katundu ali m'njila, asiyeni. Polipila pa Airtel Money kapena MoMo, welengani dzina limene latuluka pa foni musanaike PIN. Ngati silikugwilizana ndi dzina la kemisti ndipo akulephela kufotokoza cifukwa cake, musapitilize.

Nkhani yaikulu ili pa kapepala ka dokotala. Panado mungagule popanda kapepala. Koma ma antibayotiki monga amoxicillin, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu ndi opha ululu amphamvu monga tramadol amafuna kapepala kolembedwa ndi dokotala kapena clinical officer amene anakupimani. Kemisti ya pa intaneti iyenela kukupemphani kuti mutumize kapepalako, ndipo famasisti angakuimbileni kufunsa zaka za wodwala, ngati ali ndi pakati, kapena ngati pali mankhwala ena amene akumwa. Mafunsowa asakutopetseni, ndiwo akuonetsa kuti mukulankhula ndi munthu wodziwa nchito. Amene akulengeza kuti kwa iye kapepala sikafunika akuphwanya lamulo, ndipo amene saopa lamulo pogulitsa sangaope kukupatsani zacinyengo. Mankhwala monga diazepam ndi a cifuwa okhala ndi codeine ali ndi vuto linanso: kupezeka nawo popanda kapepala kungakugwetseni m'manja mwa a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo.

Pali mankhwala ena amene simufunikila n'komwe kuwafuna pa foni. Ma ARV ndi mankhwala a TB amapelekedwa kwaulele m'zipatala za boma. Malungo nawonso, yambani mwapimitsa magazi ku kiliniki. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo kumwa Coartem mwa kungoganizila kumacedwetsa kupeza matenda enieni.

Cenjelani kwambili ndi zija zimalengezedwa mokweza: zocepetsa thupi m'masiku ocepa, zokulitsa matako, zoyeletsa khungu, za mphamvu za abambo, ndi botolo limodzi lonenedwa kuti licilitsa shuga, khansa ndi HIV pamodzi. Mau akuti "n'zacilengedwe" sakutsimikizila ciliconse. Zina za mphamvu za abambo zapezekapo zili ndi sildenafil wobisika, amene angagwetse BP moopsa mwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima.

Wa njinga yamoto akafika pa geti, tsegulani phukusi iye ali pomwepo. Bokosi likhale lomata bwino, losanyowa, zilembo zake zosafufutika. Dzina la mankhwala ndi mphamvu yake zifanane ndi zimene dokotala analemba. 250mg si 500mg. Nambala ya batch ndi deti lothela nchito zimene zili pa bokosi zikhale zomwezo pa kapepala ka siliva ka mkati. Fufuzaninso nambala yosonyeza kuti mankhwalawo analembetsedwa ku ZAMRA. Mapilisi ongothilidwa m'kapulasitiki kopanda dzina, kopanda kamwedwe, abwezeni. Insulin imasungidwa pozizila, pakati pa madigili 2 ndi 8. Ikabwela m'cola wamba itazungulila tauni masana onse pa dzuwa la Okutobala, musailandile, ngakhale ioneke yabwinobwino. Ndipo pemphani lisiti.

Kusamala konseku kuli ndi cifukwa. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi pa 10 alionse amakhala abodza kapena osafika pa muyezo. Mu 2022 ku Gambia ana ambili anamwalila impso zitaonongeka, ndipo imfazo zinagwilizanitsidwa ndi mankhwala amadzi a cifuwa amene anali ndi poizoni wa diethylene glycol. Mabotolo ake ankaoneka ngati ena onse.

Kuitanitsa mankhwala kunja, kaya ku South Africa, India kapena China, kumafuna cilolezo ca ZAMRA. Citengeni katundu asananyamuke. Phukusi lopanda mapepala lingagwidwe pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda kapena pa malile monga Chirundu ndi Nakonde, ndalama zanu n'kupita.

Mukamwa mankhwala n'kuyamba kutupa nkhope, kutuluka zidzolo kapena kubanika, lekani kumwa ndipo thamangilani ku cipatala ca pafupi mutanyamula bokosi lake ndi mapilisi otsala. Musawataye, ndiwo umboni. Sungani lisiti, meseji yotsimikizila malipilo ndi zithunzi za zokambilana zanu ndi wogulitsa, n'kukapeleka lipoti ku ZAMRA. Ngati munalipila koma katundu sanabwele ndipo nambala yazimitsidwa, dziwitsani a netiweki yanu tsiku lomwelo, kenako pitani ku polisi ndi meseji ija.