Mwana wasintha khalidwe: akufunika thandizo lotani?

Mwafunsa za mwana yemwe sakudya, sakugona komanso akukana sukulu.

Choyamba, khalani naye awiriwiri, mumufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Akavomera, kapena ngati akumva mawu omwe ena sakuwamva, musamusiye yekha. Bisani zingwe ndi mankhwala onse, a makoswe omwe, mupite naye lero lomwe ku Mzuzu Central Hospital kapena ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo ku Mzuzu komweko.

Ngati zimenezo palibe, werengani masiku, mufunsenso aphunzitsi ake. Kukhumudwa ndi kudzipatula zikapitirira milungu 2, kamuyezetseni kuchipatala cha Mapale ku Mzuzu, chifukwa malungo, khunyu ndi chamba zimasokonezanso mutu. Ngati akusewerabe ndi anzake, muzimumvetsera pakhomo, muonenso pakatha sabata.

Mukakayikira nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.