Momwe mungachulukitsire carnosine m'minofu popanda kutaya ndalama

Aliyense amene anathamangapo mamita 400 amaudziwa moto umene umayaka m'ntchafu akamayandikira kumapeto. Nthawi imeneyo asidi amakhala akuunjikana m'minofu, ndipo china mwa zinthu zimene zimamuchepetsa mphamvu ndi carnosine. Anachitulukira mu 1900 ndi wasayansi wa ku Russia, Vladimir Gulevich, pofufuza zimene zili mu nyama. Thupi limachipanga lokha polumikiza ma amino asidi awiri (tizidutswa ta mtundu umene umapanga mapuloteni) otchedwa beta-alanine ndi histidine, n'kuchisunga kwambiri m'minofu, china mu ubongo. Chitengereni Muzala Samukonga, wothamanga wa ku Zambia, mendulo ya bronze ya mamita 400 pa masewera a Olimpiki ku Paris mu 2024, anyamata amene ndimathamanga nawo kuno ku Lusaka sakusiya kufunsa za chinthuchi.

Poyamba, makapisozi olembedwa carnosine asiyeni pashelefu. M'magazi a munthu muli enzyme yotchedwa carnosinase imene imaphwanya carnosine msanga asanafike kuminofu, ndiye mumalipira zambiri kuti mupeze beta-alanine yomweyo imene ikugulitsidwa motchipa payokha. Histidine thupi lili nayo yokwanira. Chimene chimaperewera ndi beta-alanine, ndipo ndi imeneyo muyenera kugula. Nyama ya ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku imathandizako, n'chifukwa chake osadya nyama amapezeka ndi carnosine wochepa m'minofu, koma ndiwo za pa nsima zokha sizingakufikitseni pa mlingo umene ofufuza amagwiritsa ntchito.

Pogula, funani chigubu chomata bwino, chokhala ndi nambala ya batch ndi tsiku lothera ntchito. Alipo anyamata pa Facebook ndi WhatsApp amene amagawa ufa woyera m'timapepala tapulasitiki topanda dzina, ati anaoda ku Johannesburg. Mtengo wake ndi wokopa, koma mudziwa bwanji kuti si ufa wa chinangwa? Ngati mumapikisana, onaninso chizindikiro cha Informed Sport, chosonyeza kuti ufawo anauyeza ngati muli mankhwala oletsedwa pa masewera. Beta-alanine siyoletsedwa ndi WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, koma zosakaniza zobisika m'zigubu zina zikhoza kukuletsetsani mpikisano.

Tsopano pa kamwedwe, pamene ine panandionetsa zakuda. Wogulitsa wina m'tauni anandiuza kuti ndizimwa supuni yodzaza ya m'chigubu cha beta-alanine kamodzi, ndisanapite ku jimu. Patapita mphindi pang'ono nkhope inayamba kunyerenyetsa, kenako makutu, khosi ndi kuseri kwa manja, ngati linthumbu landilowa m'malaya. Ndinali mu basi ya ku Matero, ndikudzikanda mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa kuti, "Mwanawe, wadya chiyani?" Madokotala amati paresthesia. Siyoopsa, imatha pakapita ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma imachititsa mantha ukakhala kuti sunauzidwe. Imatha kubwera mukamwa wopitirira mamiligalamu pafupifupi 800 (magalamu 0.8) nthawi imodzi, ndipo supuni zambiri za m'zigubu zimanyamula magalamu atatu kapena kuposa. Mlingo wa tsiku lonse ndi magalamu 3.2 mpaka 6.4, koma muziugawa magawo ang'onoang'ono a magalamu 0.8 mpaka 1.6, motalikirana maola atatu kapena anayi, makamaka pa chakudya. Gulani kasikelo ka digito, kaja ka m'thumba, sikadula ayi. Kuyeza ndi maso n'kumene kumapweteketsa anthu. Chinanso chimene wogulitsayo ananama: kumwa musanachite masewera kulibe phindu lapadera. Carnosine amachuluka pang'onopang'ono, ndipo kunyerenyetsako si chizindikiro choti zikugwira ntchito.

Pitirizani tsiku lililonse, ngakhale tsiku lopuma, kwa milungu yosachepera inayi. Kafukufuku anaonetsa kuti pa nthawi imeneyi carnosine m'minofu amakwera ndi 40 mpaka 60 peresenti. Phindu limaoneka pa masewera amphamvu a masekondi 30 mpaka mphindi 10, ndipo ndi laling'ono. Wa marathon asayembekezere zambiri. Mukasiya, mlingo umatsika pang'onopang'ono kwa milungu yambiri. Amayi oyembekezera, ana ndi odwala impso ayambe afunsa dokotala.

Pa nkhani ya matenda mpamene ndimakwiya ndi otsatsa malonda. N'zoona kuti ku Japan mankhwala a zinc ndi carnosine otchedwa polaprezinc anavomerezedwa mu 1994 pa zilonda za m'mimba, ndipo ofufuza akuyesa ngati carnosine angateteze ziwalo kuti zisawonongeke ndi shuga wochuluka. Koma ameneyo ndi kafukufuku wa anthu ochepa, palibe chifukwa chosiyira metformin, mankhwala a matenda a shuga. Madontho a m'maso a N-acetylcarnosine amene amati amasungunula ng'ala, bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zachipatala, linawaunika mu 2017 ndipo silinapeze umboni wokhutiritsa. Ngati agogo anu ali ndi ng'ala, ndalama ya madontho ija ikhale ya basi yopita kuchipatala cha maso ku UTH (University Teaching Hospital) kuno ku Lusaka, kumene ng'ala amaichotsa ndi opaleshoni.