Momwe mungalimire ndiwo ku Britain popanda manyowa a peat

Amalawi amene ali ku Britain akapeza kadimba kuseri kwa nyumba, sachedwa kukagula thumba la manyowa kuti adzale mpiru, nkhwani ndi tomato. Musanalipire, tembenuzani thumbalo muwerenge. Ngati sanalembepo kuti "peat-free", kutanthauza kuti mulibe dothi lotchedwa peat, libwezereni pomwe mwalitenga. Mawu akuti "organic" asakupusitseni, chifukwa manyowa otero amatha kukhala ndi peat momwemo.

Peat ndi dothi lakuda la ndere ndi zomera zofa zomwe zinaunjikana m'madambo odzaza madzi osawola bwinobwino. Limawonjezeka pafupifupi milimita imodzi pachaka, kotero mita imodzi imatenga zaka 1,000. Madambowa ndi 3 peresenti chabe ya nthaka ya dziko lapansi, koma amasunga kaboni wambiri kuposa nkhalango zonse pamodzi, ndipo akawakumba kaboniyo amathawira mumlengalenga ngati mpweya wotenthetsa dziko. Mu 2022 boma la Britain linalengeza kuti lidzaletsa kugulitsa peat kwa olima m'makomo ku England pofika 2024, koma chakacho chinatha lamulo lisanakhazikitsidwe. Ena a manazale amati popanda peat mbande sizikula mofanana. Dandaulo lawo ndi lomveka, koma ine sindiona chifukwa chokumbira dambo lakalekale pofuna miphika isanu ya tomato.

Mukagula, gwiritsani ntchito thumbalo chaka chomwecho. Manyowa opanda peat amapangidwa ndi makungwa, zinyenyeswa za mitengo ndi luzi la kokonati lochokera ku India ndi Sri Lanka, ndipo akakhalitsa amatha mphamvu.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pothirira. Manyowawa amauma pamwamba pomwe pansi pali chinyontho. Chaka changa choyamba ndinkathira madzi m'mawa uliwonse poona kuti pamwamba pachita mbuu, mpaka mbande za tomato zinafota. Nditazula imodzi ndinapeza mizu yabii, yowola, dothi likudontha madzi. Tsopano ndimayamba ndalowetsa chala mpaka pakati, kenako ndimanyamula mphikawo. Ukalemera, ndimausiya. Ukapepuka, ndimathira pang'onopang'ono kuti madzi asangodutsa m'mbali.

Pakatha milungu inayi yambani kuthira feteleza wamadzi, makamaka masamba akayamba kuoneka achikasu.

Kenako dzipangireni manyowa anu, monga timachitira kumudzi. Mu Okutobala ndi Novembala mitengo ikamayoyola masamba, asesereni m'matumba akuda apulasitiki, muwawaze madzi, mubowole matumbawo ndi kuwasiya pamthunzi. Pakatha chaka kapena ziwiri mudzapeza dothi lofewa, lonunkhira ngati la m'nkhalango. Makoko a mbatata ndi zotsala za ndiwo zosaphika muzisanjike ndi makatoni ong'amba pamulu wina, n'kumautembenuza. Ukapsa, sefani, musakanize ndi dothi la masamba lija ndi kamchenga pang'ono musanafese.