Kujambula filimu ya zochitika zenizeni potsatira njira ya Frederick Wiseman

Frederick Wiseman, amene anabadwira ku Boston m'dziko la America mu 1930 ndipo poyamba anaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Yale, anapanga mafilimu oposa 40 onena za zipatala, sukulu, makhoti ndi maofesi a boma popanda kuikamo mawu a wofotokozera kapena kufunsa munthu mafunso pamaso pa kamera. Mu 2016 analandira mphoto yaulemu ya Oscar. Njira yakeyi ingatheke ngakhale kwa munthu wa zipangizo zochepa, malinga akhale wodekha.

Choyamba, sankhani malo amodzi okhala ndi malire, monga chipatala chimodzi kapena sukulu imodzi, ndipo zonse zochitika kunja kwa mpanda muzisiye. Malirewo ndiwo amene adzakutetezeni kuti nkhani isamwazikane.

Musanayatse kamera, pezani chilolezo cha akuluakulu a pamalopo komanso cha munthu aliyense amene adzaoneke, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Filimu yoyamba ya Wiseman, Titicut Follies ya mu 1967, inaonetsa mmene odwala misala ankasungidwira pa chipatala cha ndende cha Bridgewater ku Massachusetts, ena ali maliseche m'zipinda zopanda kanthu. Khoti linaletsa kuti ionetsedwe kwa anthu wamba ponena kuti inkaulula zachinsinsi za odwalawo, ndipo chiletsocho chinatha mu 1991. Kaya khotilo linkateteza odwala kapena mbiri ya boma, wojambula aliyense atengepo phunziro. Mufotokozereni munthu kumene filimuyo idzaonetsedwe, mujambule mawu ake ovomereza, ndipo akakana, mumusiye.

Gulu lanu likhale laling'ono. Wiseman ankapita ndi wogwira kamera ndi wothandizira mmodzi, pamene iye mwini ankanyamula maikolofoni n'kumalozera mnzakeyo kumene ayang'anitse kamera. Chifukwa chake n'chakuti wogwira kamera amaona zokhazo zimene zili m'galasi lake, pomwe wojambula mawu amaona chipinda chonse ndipo amamva msanga kumene mkangano ukuyambira. Khalani pamalopo milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, musauze munthu kuti abwereze zimene wachita, ndipo msonkhano ukayamba kutopetsa musathamangire kuzimitsa kamera, pakuti kawirikawiri mawu ofunika amatuluka anthu ataiwala kuti mulipo.

Ntchito yaikulu imayamba mukabwerera ndi zimene mwajambula, zomwe kwa Wiseman kawirikawiri zinkapitirira maola 100. Onerani zonse, osadumphako. Iye ankapatsa chigawo chilichonse nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu, kenako n'kutha miyezi yambiri akudula ndi kulumikiza zigawo zosankhidwazo chimodzichimodzi asanaganize n'komwe za dongosolo la filimu yonse. Pa chigawo chilichonse dzifunseni chifukwa chimene munthuyo wanenera mawu amenewo panthawi imeneyo, pakuti popanda wofotokozera, maganizo anu adzaonekera pa kasanjidwe ka zigawo basi. Ngati mwaika namwino wotopa pambuyo pa msonkhano wa akuluakulu wokambirana za ndalama, mwanena kale kanthu, choncho onetsetsani kuti zimene mwanenazo n'zoona. Kutalika kwa filimu kutsatire kulemera kwa nkhaniyo: filimu ya Wiseman yotchedwa Near Death ya mu 1989, yonena za odwala mwakayakaya pa chipatala china ku Boston, imatenga pafupifupi maola asanu ndi limodzi.