Mukufomata kompyuta kachitatu pamene vuto ndi RAM yomwe mwaithamangitsa

Chiyambireni kutentha kuno ku Mzuzu andibweretsera makompyuta angapo odwala matenda amodzimodzi, ndipo eni ake onse amafika atagamula kale, akuti Windows yawonongeka, ena akuti vairasi ena akuti magetsi. Kompyuta imayaka bwinobwino koma ukangotsegula Premiere (pulogalamu yokonzera mavidiyo) kapena gemu yolemera basi sikirini yabuluu ija imene Windows imaonetsa ikagwa, lero MEMORY_MANAGEMENT mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, nthawi zina ingozima n'kuyakanso yokha. Ndikalowa mu BIOS (masetingi a kompyuta amene umalowamo Windows isanayake) ndimapeza zomwezomwezo, XMP, setingi yothamangitsa RAM, ili yoyatsa pa RAM (timasitiki ta memori momwe kompyuta imasunga zimene ikugwira panthawiyo) yosakaniza ndipo palibe anaiyesako ngakhale ola limodzi.

Abale, XMP ndi overclock, kutanthauza kuthamangitsa chipangizo kuposa liwiro lake la masiku onse, musanamizike poti ndi batani limodzi. RAM ya DDR4 ya magemu ija yolembedwa 3200 ukangoibaya nthawi zambiri imayamba pa 2133 kapena 2400 ndi 1.2V, XMP ndiye imaikankha kufika pa 3200 n'kukweza magetsi kufika 1.35V. Pa makompyuta a purosesa ya AMD okhala ndi RAM ya DDR5 mupeza dzina loti EXPO, pa maboodi (motherboard) ena a ASUS ndi DOCP, nkhani ndi imodzi. Manambala a XMP amenewo anayesedwa pa masitiki ogulitsidwa limodzi mu paketi imodzi. Ndiye inu sitiki imodzi ya 8GB mwaitanitsa ku Lilongwe, inayo mwazula mu kompyuta yakale ya mlamu wanu, kenako mukuzilamula kuti zithamange mofanana. Amene munalimako ndi ng'ombe mukudziwa zimene zimachitika mukamanga nkhunzi yamphamvu ndi kamthena kotopa pagoli limodzi, mzere umakhota. Komanso chimene chimayendetsa RAM chili mkati mwa purosesa momwemo, mukadzaza masiloti onse anayi chimalemedwa kwambiri.

Chomwe chikundipweteka ine ndi chizolowezi chofomata chija. Kompyuta ikangotsokomola tafomata, ikazima tafomata, tidzasiya liti? Windows yatsopano mukuiika kudzera mu RAM yomweyo yolakwitsayo, ndiye imalowa ili yopunduka kale. Mwalipira woika, bando yathera ma update ndi madiraiva, masiku awiri a ntchito apita, sabata isanathe buluu uja wabweranso. Ena mpaka agula SSD (disiki yosungira mafayilo) yatsopano, yakaleyo ilibe mlandu.

Bambo wina wa ku Chibavi amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe anabwera atafomata katatu. Akuti "achimwene, makinawa mu June amagwira usiku onse osadandaula, alodzedwa kapena?" Ndinawauza kuti ayi bambo, kuzizira kwa Mzuzu kwa June ndi July ndi kumene kumabisa vutolo, RAM yomwe ili pamalire imayamba kulakwitsa ikatentha, ndipo bokosi lawo linali pansi pa tebulo fani itatsekeka ndi fumbi ngati bulangete. Koma chinawaliza si kuzimako ayi. Anakopera vidiyo ya ukwati kuchoka pa memori khadi, kompyuta inati yatha bwino, iwo n'kufufuta khadi kukajambulira ukwati wina Loweruka lotsatira. Potsegula fayilo, pa perekaniperekani penipeni chithunzi chikungosweka timabokosi tobiriwira. Chilichonse chimene mukukopera chimadutsa mu RAM, ikalakwitsa pang'ono siikuuzani, imangolemba zolakwikazo pa disiki mwakachetechete. Akuchikazi anali atalipira kale, ndipo bambowo anakhala pabenchi panga nthawi yaitali akungoyang'ana foni osadziwa kuti awayankha chiyani.

Zochita zake ndi zochepa. Poyatsa dinani Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS, zimitsani XMP, gwiritsani ntchito masiku angapo, buluu akasiya mwamupeza wakuba. Ngati kompyuta siikuyakanso n'komwe zulani pulagi, chotsani kabatire ka CR2032 pa boodi kwa mphindi zingapo n'kukabwezera. Masitiki awiri pa maboodi ambiri amakhala pa A2 ndi B2, siloti yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku purosesa. Mukafunabe liwiro yatsaninso XMP, ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash, izungulire kanayi osaidula, ndipo yesani masana kukutentha osati m'bandakucha. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi tsitsani 3200 ija ifike 3000 kapena 2933 muyesenso, ikalakwitsabe XMP ili yozima ndiye yesani sitiki imodziimodzi, ina ndi yakufa. Zikakhazikika thamangitsani lamulo la Windows loti sfc /scannow likonze mafayilo a Windows amene anapunduka, pukutani fumbi, ndipo ojambula inu khadi musafufute musanaonere vidiyo yonse mpaka kumapeto.