Musanagule makina a pulesha otsukira magalimoto

Makina anga oyamba sanakwanitse ngakhale miyezi iwiri. Chinandikopa ndi nambala ya pulesha (mphamvu yotulukira madzi) ya pa katoni, 140 bar, komanso mtengo wake wotsika. Loweruka lina ndikutsuka minibasi yachitatu, ndinamva fungo la waya wopsa, kenako zii. Makaniko atawamasula anandionetsa mabulashi a mota, timakala topereka magetsi m'motamo, atatheratu, mutu wa pampu uli wa pulasitiki wosatheka kukonza. Anandiuza mosabisa kuti ndinagula makina a pakhomo, otsukira galimoto imodzi Lamlungu.

Ndiye inu amene mukuyamba kumene bizinesi yotsuka magalimoto, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti makinawo amatulutsa malita angati pa mphindi. Pulesha imangotakasa matope, koma chowachotsa ndi kuchuluka kwa madzi. Timakina ta pakhomo timatulutsa malita 6 kapena 7, moti galimoto yochokera kumudzi nyengo ya dzinja, matope ofiira atauma m'matayala, imakuchedwetsani mpaka amene ali pa mzere kutopa n'kuchoka. Ine ndimati pezani a malita 12 mpaka 15, pulesha ya 150 bar. Ya 200 bar njofunika ngati mudzatsukenso makoma, simenti ndi njerwa za pabwalo la maofesi.

Kenako weramani muone pampu. Yabwino ndi imene amaitcha triplex, ya mapisitoni atatu, mutu wake wa mkuwa wachikasu, ndipo pambali pamakhala kagalasi koonera oyilo. Imeneyi ikayamba kudontha mumangosintha masilu, timphira totchinga madzi, ntchito n'kupitirira. Ndi yokwererapo mtengo, inde, koma yanga yachiwiri ndakhala nayo zaka zitatu tsopano.

Nkhani ya magetsi kapena petulo imatengera malo anu. Amagetsi sasokosa kwambiri, mutha kutsuka makapeti pa nyumba ya munthu ana ali mtulo. Mukasankha amenewa onetsetsani kuti mota yake ndi ya induction, yopanda mabulashi, ndipo kumbukirani kuti pulagi yathu ya 13 amp imathera cha pa 3 kW. Kwa ine petulo ndiye anandiyenera, chifukwa magetsi akazima Loweruka m'mawa ndiye kuti tsiku lopezera ndalama lapita. Injini ya Honda GX200, ngakhalenso zina zopangidwa motengera iyo, amakaniko ambiri amaidziwa, ndipo masipeya ndimawapeza ku Biwi osavutika. Musaiyatse m'chipinda chotseka, utsi wake umapha.

Za madzi, anthu ambiri amaziiwala. Mgolo wa malita 200 umatha m'mphindi 17 zokha ngati makina akutulutsa malita 12 pa mphindi, mfuti yopopera madzi ili chipanikizire. Si makina onse amene amakoka okha madzi a mumgolo, choncho funsani, ndipo mgolowo muukweze pa nsanja kuti madzi azitsika okha. Ikani sefa polowera madzi, makamaka ngati mumatunga pachitsime, chifukwa kamchenga kosaoneka ndi maso kamadya masilu. Pampu isayende yopanda madzi. Komanso mukasiya mfuti kuti mupake sopo, zimitsani injini, popeza madzi ozungulira m'pampumo amatentha m'mphindi zochepa chabe.

Timilomo ta kumfuti timabwera ta mitundumitundu. Koyera, kamene kamamwaza madzi motambalala madigiri 40, ndi kotsukira thupi la galimoto. Kobiriwira, ka 25, n'ka matayala ndi kunsi. Kakuda n'kopopera sopo. Kofiira ndinakatsekera m'kabati, chifukwa kamakanda penti, kamang'amba ndi khungu lomwe, ndipo anyamata ongoyamba ntchito amakakonda kwambiri.

Tsiku logula tengani makaniko wanu. Auzeni ogulitsawo alumikize payipi, awayatse inu mukuona, mugwire mfuti nokha mumve ngati madzi akutuluka mosadukiza. Afunseninso ngati masilu ndi mavavu a pampuyo ali nawo m'sitolomo, akuonetseni musanapereke ndalama.