Nsonga zong'ambika tsiku lachinayi: tinakonza kagwiridwe ka bere

Mayi wobereka koyamba anabwera kuchipatala tsiku lachinayi chiberekereni, mabere atatupa gwa, nsonga zitang'ambika, khanda likungolira. Kunyumba anali atawauza kale kuti mkaka ndi wochepa, agule wa m'chitini. Mkaka unalipo wambiri. Mwana ankayamwa nsonga yokha chifukwa bere lolimba linkamupulumuka m'kamwa.

Ndinayamba ndi kufewetsa bere. Atasamba m'manja, mayi anaika chala chachikulu pamwamba ndi chamkombaphala pansi, m'malire mwa khungu lakuda lozungulira nsonga, n'kukankhira kuchifuwa, kenako kufinya mpaka pafewe. Ndiyeno kanyamulidwe: mimba ya mwana igunde mimba ya mayi, khutu, phewa ndi chiuno zikhale mzere umodzi, mphuno iyang'anizane ndi nsonga. Mayi adikire mwana ayasamule kwambiri, ndiye am'bweretse kubere msanga. Apa ambiri amalakwitsa, amawerama n'kumutengera bere kukamwa.

Mwana akagwira bwino, chibwano chimagunda bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, khungu lakuda limaoneka kwambiri pamwamba kuposa pansi, ndipo kumeza kumamveka. Zikapweteka, mayi alowetse kachala pakona pa kamwa, am'chotse, ayambirenso. Osakoka.

Pansonga tinapaka madontho a mkaka womwewo, sopo ayi. Ndinawauza aziyamwitsa ka 8 mpaka 12 patsiku, usana ndi usiku, ndipo kuyambira tsiku lachisanu mwana chibadwireni aziwerenga matewera onyowa, asachepere 6 patsiku. Bere likafiira, kutentha, mayi n'kumva malungo, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, koma asasiye kuyamwitsa.